Manambala oti muwerenge musanawonjezere ndalama zotsatsira malonda

Bizinesi ikhoza kugulitsa zambiri mwezi uno kuposa mwezi watha, koma mpamba n'kumatsika. Nthawi zambiri mwini wake amakhala akuyang'ana ndalama zolowa zokha, osafunsa kuti kasitomala aliyense watsopano wadya ndalama zingati kuti abwere, ndiponso asiya phindu lotani.

Yambani ndi ndalama zopezera kasitomala mmodzi, zomwe amalonda amazitchula kuti CAC. Phatikizani zonse zimene mwawononga mwezi umenewo pokopa ogula: zolipira Facebook kapena Google, zosindikiza, komishoni ya ogulitsa, malipiro a woyankha mameseji, ngakhale mtengo umene munachotsera ogula atsopano. Kenako gawani ndi chiwerengero cha makasitomala atsopano okhaokha. Tiyerekeze kuti zonse zakwana 300,000 ndipo atsopano alipo 60. Ndiye kuti aliyense wadya 5,000. Ambiri amalakwitsa powerengera limodzi makasitomala akale, omwe akanabwerabe popanda kutsatsa. Nambala imatsika n'kuoneka yabwino, koma imakhala yabodza.

Nambala imeneyi payokha sikuuzani kanthu mpaka muifanizire ndi phindu. Tengani ndalama zimene kasitomala amalipira akagula kamodzi, muchotsepo mtengo wa katunduyo, thiransipoti ndi zodula za kubanki. Ngati amagula za 8,000 ndipo phindu lanu ndi 25 peresenti, akusiyirani 2,000. Munthu amene anadya 5,000 uja akagula kamodzi n'kusowa, mwaluza 3,000. Ndalama zanu zimabwerera pokhapokha akagula kachitatu, ndipo ngati amagula miyezi itatu iliyonse, mudikira miyezi isanu ndi umodzi. Funso ndi lakuti, kodi mpamba wanu ungapirire nthawi yonseyo? Apa m'pamene mabizinesi ambiri omakula msanga amagwera, chifukwa ndalama zimatuluka lero pomwe phindu likubwera mochedwa. Choncho lembani tsiku limene kasitomala aliyense anagula koyamba, ndipo pakatha miyezi itatu muwerenge angati mwa gulu limenelo abweranso.

Chenjerani ndi nambala yotchedwa ROAS, imene Facebook ndi Google amaonetsa poyera. Imangonena kuti pa ndalama iliyonse yotsatsira mwagulitsa za zingati, osati phindu. ROAS ya 3 imamveka bwino, koma taonani: mwalipira 100, mwagulitsa za 300, phindu la 25 peresenti ndi 75, ndiye kuti mwaluza 25. Kuti mudziwe malire anu, gawani 100 ndi peresenti ya phindu lanu. Wa phindu la 25 peresenti amafunika ROAS ya 4 kuti angobweza zake, wa 50 peresenti amafunika 2 basi. N'chifukwa chake kutengera nambala ya bizinesi ya mnzanu n'kosathandiza.

Palinso vuto la amene wabweretsa wogula. Facebook, mukapanda kusintha, imadziwerengera malonda ngati munthu wagula pasanathe masiku 7 atadina, kapena tsiku limodzi atangoona chotsatsacho. Munthu yemweyo akadutsiranso pa Google, onse awiri amati ndi wawo, ndipo mukaphatikiza malipoti awo mumapeza malonda ochuluka kuposa omwe ali m'mabuku anu. Chiyambire 2021, pamene Apple inatulutsa iOS 14.5, pulogalamu yoyendetsa mafoni a iPhone, n'kuyamba kufunsa eni mafoniwo ngati akulola kuti zochita zawo pa intaneti zizitsatiridwa, mbali ina ya manambalawa imakhala yongoyerekeza. Khulupirirani mabuku anu. Ikani zizindikiro za UTM (timawu towonjezera kumapeto kwa linki tosonyeza kumene linkiyo yaikidwa) pa linki iliyonse kuti Google Analytics, chida chowerengera anthu obwera pa tsamba lanu la intaneti, isiyanitse kochokera anthu, komanso muzifunsa wogula aliyense watsopano kuti, "Munatimva kuti?" Yankho lake mulilembe mu Excel kapena Google Sheets pamzere womwewo pamene pali tsiku ndi ndalama zimene walipira. Funso lachikale limeneli limagwira zimene makina amaphonya, monga munthu amene wauzidwa ndi mnzake.

Malonda akamavuta, tsatirani njira yonse: angati anaona, angati anadina, angati anafunsa, angati analipira. Pamene anthu akuthera ambiri m'pamene pali bowo. Ngati akuona koma osadina, vuto lili pa chithunzi, mawu kapena anthu amene mwasankha. Ngati akudina koma osafunsa, tsamba likuchedwa kutseguka kapena silikunena zimene chotsatsa chinalonjeza. Ngati akufunsa koma osalipira, yang'anani kuti mumatenga nthawi yaitali bwanji kuyankha komanso ngati kulipira kuli kosavuta. Kuwonjezera ndalama zotsatsira pamenepa n'kungotunga madzi ndi dengu. Za ma like musataye nazo nthawi.

Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, apo ayi simudziwa chimene chathandiza. Musagamulenso ndi anthu ochepa: ogula awiri mwa khumi ndi atatu mwa khumi n'kusiyana kwa munthu mmodzi chabe.

Njira ina ikaoneka kuti ikupindulitsa, onjezerani ndalama pang'onopang'ono, n'kumawerenganso CAC sabata iliyonse. Imakwera ndithu, chifukwa anthu osavuta kukopa amayamba kutha ndipo otsalawo amafuna ndalama zambiri. Ikafika pafupi ndi phindu limene kasitomala amasiya m'miyezi imene mungathe kudikira, imani pomwepo, ndipo ndalama zotsalazo muziike pokumbutsa makasitomala akale kuti agulenso.