Kachunidwe ka ma knee lever pa pedal steel guitar

Pedal steel guitar ndi gitala yogona ngati tebulo, yokhala ndi ma pedal opondedwa ndi phazi komanso ma knee lever, tizitsulo tokankha ndi bondo, zosinthira mawu a nsambo. Ngati lever ikukweza kapena kutsitsa mawu a nsambo koma sakufika pake, konzani motere. Izi ndi za gitala ya all-pull (imene imachita kukoka tizitsulo take pokweza ndi potsitsa mawu) yochunidwa pa E9, kachunidwe kofala ka gitalayi. Ya push-pull (yokoka pokweza mawu, nkukankha powatsitsa), monga yakale ya kampani ya Emmons, ili ndi njira ina. Mukhale ndi tuner (kachipangizo koyezera mawu a nsambo) ndi kasipanala komangira manati a nayiloni ochunira ma pedal ndi ma lever.

1. Chunani nsambo zonse kumakiyi okungira nsambo, osakhudza pedal kapena lever.

2. Kankhani lever ndi bondo mpaka igunde pothera. Pa kachunidwe kofala, bondo lamanzere likapita kumanzere limakweza nsambo 4 ndi 8 kuchoka pa E kufika pa F, likapita kumanja limazitsitsa kufika pa Eb.

3. Bondo likadali pomwepo, tembenuzani nati ya nsamboyo kumbali yamanja ya gitala, pang'onopang'ono, mpaka tuner ionetse mawu oyenera.

4. Siyani lever, muone ngati nsambo yabwerera pa E. Ambiri amalakwitsa apa: amamangitsa nati mpaka kampata kofunika, kamene lever imayenda isanayambe kukoka nsambo, kamatha, ndiye nsambo siibwereranso. Zikatero masulani natiyo, muwonjezere mtunda woyenda lever pa stop screw (screw yoimitsa lever) pansi pa gitala, kenako yambiraninso pa 1.

5. Lever ikatalikira bondo, isendezeni ndi screw yake yopendekera, kuti phazi lisamachoke pa pedal.