Batire la galimoto likamangofa, pezani chimene chikulipha musanagule lina

M'miyezi ya Juni ndi Julayi, chiperoni chikakuta Blantyre, m'mawa mumaona anyamata akukankha galimoto pachitsetso ku Ndirande kapena ku Chilomoni, mwini wake ali pachiwongolero akudikira kuti ithamange pang'ono aiponye m'giya. Amene galimoto yake ndi ya otomatiki alibe ngakhale mwayi umenewo, ndipo amangoima pageti ndi mawaya m'manja kudikira mnansi adzamujampitse. Zikachitika kawiri kapena katatu, ambiri amathamangira ku Limbe kukagula batire latsopano, koma ena mwa iwo pakatha milungu yochepa amapezeka akukankhanso. Batire limangofa pa zifukwa zitatu zosiyana: mwina batirelo latheratu, mwina alternator, chipangizo chimene chimatchaja batire injini ikamalira, sikulitchaja mokwanira, kapena pali chinthu chimene chikuba moto galimoto itazimitsidwa. Pa zitatuzi, choyamba chokha ndicho chimatha ndi kugula batire, choncho ndalama zisatuluke m'thumba musanadziwe kuti vuto lanu ndi liti.

Yambani ndi maso musanagwire chida chilichonse. Tsegulani boneti, muyang'ane mitu iwiri ya batire pamene pamangidwa mawaya. Mukaona ufa woyera kapena wobiriwira utaundana pamenepo, kapena chomangira waya chikamazungulira mukachipotoza ndi dzanja, mwina vuto lonse lili pomwepo, pakuti moto sudutsa bwino pamalo otere. Sungunulani supuni imodzi ya soda, yemweyu timathira mu therere, m'kapu ya madzi ofunda, muthire pa ufawo mpaka thovu litaleka kutuluka, kenako mukweche ndi burashi, muumitse, mumange molimba ndi kupakapo girisi pang'ono. Madzi a sodawo asalowe m'kati mwa batire. Onaninso ngati batire lagwidwa bwino ndi chitsulo chake, chifukwa lomangidwa ndi chingwe cha mphira limadumpha pa dzenje lililonse lamumsewu ndipo timapuleti ta m'kati timagumuka msanga. Batire lotupa m'mbali kapena long'aluka musataye nalo nthawi, latha.

Ngati batire lanu lili ndi zitsekerero pamwamba, tsegulani muone ngati madzi akuphimba timapuleti m'zipinda zonse zisanu ndi chimodzi. Kutentha kwa Okutobala ndi Novembala ndiko kumaphwetsa madziwa ndi kukalambitsa batire, pamene kuzizira kwa Juni kumangoulula kufooka kumene kunayamba kale. Wonjezerani madzi a batire okhaokha ogulitsidwa m'mabotolo, osati a pampopi kapena a pamjigo, ndipo musathire asidi ngakhale wina akuuzeni kuti amadzutsa batire.

Tsopano pafunika kachida koyezera magetsi kotchedwa multimeter, kamene kamapezeka m'masitolo a zamagetsi pamtengo wotsika kwambiri poyerekeza ndi batire. Katchereni pa DC 20V, muike waya wofiira pa mutu wa + ndi wakuda pa mutu wa -, ndipo muyeze m'mawa galimoto itagona usiku wonse, musanailize. Batire lodzaza limaonetsa pafupifupi 12.6V. Likaonetsa 12.4V ndiye kuti latsikako pang'ono, pa 12.2V lili pa theka, ndipo likafika pa 12.0V kapena kutsika apo moto watsala wochepa kwambiri. Mukapeza nambala ya pakati pa 10 ndi 11 ngakhale batire litangochoka kumene pa tchaja, kawirikawiri ndiye kuti chipinda chimodzi chafa, popeza chilichonse chimapereka pafupifupi 2.1V. Kenako wina alize injini inu maso ali pa mita. Nambala imatsika sitata ikamazungulira, koma isapitirire kunsi kwa 9.6V. Batire limene latchajidwa usiku wonse koma likugwabe mpaka 8V polizira injini silingathenso ntchito.

Injini ikalira, musachotse mita. Alternator yabwino imakweza nambala kufika pakati pa 13.8V ndi 14.5V, ndipo mukayatsa nyali zakutsogolo, fani ndi wayilesi, n'kuponda mafuta pang'ono, iyenera kukhalabe pamwamba pa 13.5V. Ikakhala pa 12V ndi kakuti, batire likungodyedwa popanda kubwezeredwa, ndipo choyamba kuona ndi lamba wozungulitsa alternator, amene akakhwepa amalira mokwiyitsa m'mawa kapena mukadutsa m'madzi. Nambala yopitirira 15V nayonso ndi matenda, pakuti imawiritsa batire mpaka kumveka fungo la mazira owola. Pali chizolowezi chimene ndimachiona m'magalaja ambiri apansi pa mtengo, chochotsa waya wa batire injini ikulira kuti aone ngati izime. Chonde musalole zimenezi pa galimoto yanu. Zinkatheka pa magalimoto akale, koma amasiku ano ali ndi kompyuta yoyendetsa injini imene ingapse ndi moto wodumpha panthawi imeneyo, ndipo mtengo wake umaposa wa mabatire angapo.

Batire ndi alternator zikakhala bwino koma galimoto ikulephera kulira ikakhala masiku awiri, funani chimene chikuba moto. Apa m'pofunika kudekha. Zimitsani zonse, chotsani kiyi, tsekani zitseko, mumasule waya wa pa mutu wa -. Sunthani waya wofiira wa mita muulowetse pabowo lolembedwa 10A, mutchere mita pa 10A, ndipo muilumikize pakati pa mutu wa batire ndi waya mwamasula uja, kuti moto wonse udutse m'mita. Musayese kuliza injini zili chonchi, mungaotche mita. Dikirani mphindi 20 kapena 30 kuti makompyuta a m'galimoto agone. Nambala yabwino ndi yosapitirira 0.05A. Kuti muone kukula kwa nkhaniyi, kababu ka 5W kamene kamatsala koyaka mu buti kamakoka pafupifupi 0.4A, ndipo pa masiku awiri kamadya pafupifupi theka la batire la 45Ah.

Nambala ikakhala yaikulu, zulani mafyuzi imodzi imodzi, maso ali pa mita, kubwezera iliyonse pamalo pake musanazule ina. Fyuzi imene ikagwetse nambala ndiyo ikuloza kumene kuli vuto. Mlamu wanga wa ku Zingwangwa anagula mabatire awiri m'chaka chimodzi pa Toyota Vitz yake, ndipo ankakhulupirira kuti akumugulitsa achinyengo. Titayeza Loweruka lina masana, mita inaima pa 0.6A osasuntha. Tinazula mafyuzi onse a pansi pa boneti osaona kusintha, mpaka titafika pa kabokosi ka pansi pa dashibodi, iye atagona chagada ndi tochi ya foni pakamwa, ndipo atazula ya wayilesi nambala inagwa mpaka 0.02A. Wayilesi ya sikirini imene anaikitsa inalumikizidwa kuwaya wokhala ndi moto nthawi zonse, moti sikirini inkazima koma m'kati mwake munkagwirabe ntchito usiku wonse. Zinthu zoikidwa pambuyo ngati zimenezi, monga alamu, tracker, amplifaya ndi tchaja ya foni yosiyidwa pa soketi, ndizo zoyamba kuzikayikira. Mukazula mafyuzi onse nambala osatsika, pitani kwa makaniko wa zamagetsi akaone ma diode a mu alternator, tizipangizo tolola moto kudutsa mbali imodzi yokha, chifukwa imodzi ikafa moto umabwerera m'mbuyo galimoto ili chiimire.

Kayendetsedwe nakonso kamapha batire. Munthu wochoka ku Namiwawa kupita kuntchito m'tauni amayenda mphindi zochepa, ndipo madzulo amaima pamzere wa pa Ginnery Corner nyali ndi mawaipa zikugwira ntchito, motero moto umene sitata inatenga subwerera wonse. Batire lokhala nthawi yaitali losadzaza limamera zouma pa timapuleti ndipo silisunganso moto ngati kale. Likafa n'kujampitsidwa, musaganize kuti kuzungulira m'tauni kulidzaza. Lipititseni pa tchaja yoyenda pang'onopang'ono usiku wonse. Ndipo magetsi akazima, musamatenge batire la galimoto kukayatsira TV kapena inveta m'nyumba, pakuti linapangidwa kuti lizipereka moto wambiri kwa kanthawi kochepa, osati kukhetsedwa mpaka pansi mobwerezabwereza.

Mukatsimikiza kuti batire ndilo latha, werengani zolembedwa pa lakalelo ndi kulijambula pa foni lili pamalo pake. Magalimoto ambiri a mu Blantyre ndi ochokera ku Japan, ndipo mabatire ake amalembedwa motere: 46B24L. Nambala yoyamba ikusonyeza mphamvu, chilembo B chikusonyeza m'lifupi ndi msinkhu, 24 ndi kutalika kwake m'masentimita, ndipo L kapena R akunena mbali imene mitu yakhala. Ikani batire patsogolo panu mitu ili mbali yoyandikira kwa inu: mutu wa + ukakhala kudzanja lamanja limenelo ndi L, ukakhala kumanzere ndi R. Mukasokoneza apa mawaya safika, ndipo kuwakoka mokakamiza n'kuika galimoto pachiswe. Nambala yoyamba yokha ndiyo mungakweze, mwachitsanzo kugula 55B24L m'malo mwa 46B24L, koma musatsitse. Dziwaninso kuti mabatire a B ali ndi mitu yopyapyala pamene a D, monga 75D23L kapena 95D31R a magalimoto akuluakulu ndi a dizilo, ali ndi mitu yonenepa. Ogulitsa ena amatchula mayina akale monga NS40, NS60 ndi N70, ena manambala a ku South Africa monga 628, 646 ndi 652, choncho chithunzi chija ndi tepi yoyezera zimathandiza kuti musabwere ndi losalowa.

Galimoto imene imazima yokha mukaima pa maloboti imafuna batire lapadera lolembedwa monga M-42, N-55 kapena Q-85, ndipo batire wamba pagalimoto yotere silikhalitsa. Toyota Aqua ili ndi batire lake laling'ono pansi pa mpando wakumbuyo, pamene Prius yambiri ili nalo mu buti. Mabatire amenewa ali ndi kapaipi kotulutsira mpweya kunja, ndipo lolowa m'malo liyenera kukhala ndi bowo la kapaipiko, chifukwa mpweya wa batire suyenera kudzaza mmene mukukhala anthu.

Kusitolo tengani mita yanu ija. Batire latsopano lisaonetse nambala yochepera 12.5V, ndipo funsani kuti akuonetseni tsiku limene linapangidwa, popeza lokhalitsa pashelefu limakhala litayamba kale kufooka. Funsani miyezi ya galanti, aidinde pa khadi, ndipo lisiti mulisunge m'galimoto momwemo. Mabatire otsukidwa bwino ogulitsidwa m'mbali mwa msewu popanda lisiti ine sindiwalimbikitsa, ngakhale mtengo wake ukope bwanji.

Poika, masulani waya wa - poyamba ndipo muumange pomalizira, kuti sipanala ikakhudza chitsulo cha galimoto pamene mukumanga wa + isathetheke moto. Fodya ndi machesi zikhale kutali, pakuti mpweya wotuluka m'batire umayaka. Mukamaliza, lizani injini muyezenso alternator pomwepo. Batire lakale lili ndi mtovu ndi asidi, choncho musalisiye pakhonde pamene ana amasewera kapena kukhuthula madzi ake m'ngalande zotsikira ku Mudi. Lisiyeni kwa wogulitsa, ndipo mufunse ngati angakuchotsereniko mtengo chifukwa cha lakalelo.