Momwe mungawerengere Macbeth kuti mulimvetse, osati kungoloweza manotsi

Chaka chilichonse ndikafunsa ana a Fomu 4 kuti anapha mfumu Duncan ndani, kalasi yonse imayankha pamodzi kuti ndi Macbeth. Ndikafunsanso kuti anamupheranji, manja amakwera ambiri koma yankho n'limodzi: "Anamulodza afiti, aphunzitsi." Ena amati anamukakamiza ndi mkazi wake. Apa ndiye pamene malikisi ambiri amatayikira, chifukwa sewero la William Shakespeare limeneli likunena za munthu amene anadziwa bwino lomwe kuti chimene akufuna kuchitacho n'choipa, koma n'kuchichitabe. Amene wagwira mfundo imeneyi savutika ndi mafunso ambiri a Macbeth pa mayeso a MSCE. Nayi njira imene ndimayenda nayo ndi ana anga.

Choyamba: idziweni nkhani yonse musanalimbane ndi Chingerezi chake

Musayambe ndi dikishonale. Yambani ndi nkhani, ndipo muikambe m'Chichewa. Macbeth ndi mkulu wa asilikali ku Scotland, mwini dera la Glamis. Akuchokera kunkhondo ndi mnzake Banquo, anakumana ndi afiti atatu amene anamuuza kuti akhala mwini dera la Cawdor, kenako mfumu. Afitiwo anauza Banquo kuti iye sadzakhala mfumu koma adzabala mafumu. Pasanapite nthawi uthenga unafika woti Duncan wamupatsadi Macbeth udindo wa Cawdor. Duncan atabwera kudzagona kunyumba ya Macbeth ku Inverness, anaphedwa usiku womwewo. Ana ake anathawa, Malcolm kupita ku England, Donalbain ku Ireland, ndipo Macbeth anavekedwa ufumu ku Scone. Kenako anaphetsa Banquo, koma mwana wake Fleance anapulumuka. Anaphetsanso mkazi ndi ana a Macduff, mwini dera la Fife. Lady Macbeth anasokonezeka mutu n'kumwalira. Malcolm anabwera ndi asilikali 10,000 ochokera ku England, ndipo Macduff anadula mutu wa Macbeth.

Mufotokozereni mng'ono wanu kapena mnzanu wa ku hositelo nkhaniyi osayang'ana m'buku. Pamene mwakakamira, ndi pamene simunamvetse. Bwererani pomwepo.

Chachiwiri: werengani mokweza, muli angapo

Ili ndi sewero, analilembera pakamwa ndi khutu. Kuliwerenga chamumtima uli wekha pabenchi masana dzuwa likuswa mtengo n'kudziitanira tulo. Pezanani anayi kapena asanu, ngakhale buku likhale limodzi, mugawane anthu. Mwayi wake ndi wakuti Macbeth ndi lalifupi kuposa masewero ena onse omvetsa chisoni a Shakespeare. Lili ndi ma Act asanu, ndipo mukamatenga Act imodzi pa sabata mulimaliza mwezi umodzi ndi sabata imodzi.

Chingerezi chake chisakuopseni. Thou ndi thee ndi "iwe", thy ndi "chako", hath ndi has, doth ndi does, ere ndi before. Lembani timawu timeneti kuchikuto cha kope lanu. Powerenga musaime pamene mzere wathera. Imani pamene pali koma kapena fulusitopu. Mukamaliza Scene iliyonse, lembani mizere iwiri yokha: chachitika n'chiyani, ndipo ndani wasintha.

Tsiku lina mtsikana wina wa m'kalasi mwanga, amene sankayankhula n'komwe pa phunziro la literature, anatenga gawo la Lady Macbeth mu Act 5 Scene 1. Tinatseka mawindo, tinamupatsa kandulo. Anayenda pang'onopang'ono pakati pa madesiki, maso ali tong'o koma osaona munthu, akupukuta manja ake mobwerezabwereza ngati pali chomata chosachoka. Anyamata akumbuyo, amene nthawi zonse amaseka, anangoti zii. Atamaliza, mmodzi wa iwo anati, "Koma mayiyu akuvutika." Palibe manotsi akanamuuza zimenezo.

Chachitatu: mutsegulireni mlandu Macbeth

Apa ndiye pofunika kukhalitsa. Kwathu kuno nkhani ya ufiti si yachilendo, ndiye mwana akangoona afiti patsamba loyamba amaganiza kuti mlandu watha: munthuyu anamuchita chipongwe, sanali iye. Koma tsegulani Act 1 Scene 3 muwerenge bwinobwino zimene afitiwo ananena. Anamulonjera ndi maudindo atatu. Basi. Mawu oti "ipha" sanatuluke pakamwa pawo. Amene anayamba kuganiza za kupha ndi Macbeth mwini wake, mu Scene yomweyo, asanaonane n'komwe ndi mkazi wake. Akuvomera yekha kuti ganizolo likumuimitsa tsitsi ndi kumugunditsa mtima. Banquo anamva ulosi pamalo omwewo, kwa afiti omwewo, koma sanaphe munthu. M'malo mwake anachenjeza mnzakeyo kuti mizimu ya mdima imatiuza zoona zing'onozing'ono kuti itikole pa zazikulu.

Pitirizani ku Act 1 Scene 4. Duncan akulengeza kuti mwana wake Malcolm ndiye adzalowe ufumu. Macbeth pambali akupempha nyenyezi kuti zibise kuwala kwake kuti zokhumba zake zakuda zisaoneke. Munthu wolodzedwa sabisa. Wobisa ndi amene akudziwa.

Kenako Act 1 Scene 7, imene ine ndimaiona kuti ndi mtima wa sewero lonse. Macbeth ali yekha, akudziwerengera zifukwa zosaphera Duncan: ndi mbale wake, ndi mfumu yake, ndi mlendo wake amene ayenera kumuteteza, ndiponso walamulira mofatsa. Chifukwa chophera wapeza chimodzi chokha, chimene akuchitcha "vaulting ambition", kukhumba kolumpha mopyola n'kukagwera mbali inayo. Akuluakulu athu anaiona kale imeneyi: ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Ndipo Macbeth anafika pouza mkazi wake kuti nkhaniyi aisiye. Lady Macbeth sanamutsutse pa zifukwa zakezo ayi. Anamulasa paumuna, kumufunsa ngati ali wamantha. Macbeth anagonja. Mkaziyo ali ndi mlandu wake, ndipo ndi waukulu, koma mpeni unali m'dzanja la mwamuna.

Tsopano tengani kope mujambule mizere itatu: afiti, Lady Macbeth, Macbeth. Pa imfa iliyonse lembani amene anatengapo mbali. Muona chinthu chimene ana ambiri sachiona. Pa imfa ya Duncan onse atatu alipo mwanjira ina. Pa alonda awiri a Duncan, Macbeth anawapha yekha m'mawa mwake popanda kufunsa mkazi wake. Pa Banquo anachita kulemba ganyu zigawenga, ndipo mkazi wake anamubisira mapulaniwo. Pa banja la Macduff analibe chopindula chilichonse. Mayi ndi ana aja sankalimbirana naye ufumu. Munthu amene ananjenjemera asanaphe koyamba wafika popha ana osaganiza kawiri. Mu Act 3 Scene 4 akunena yekha kuti walowa m'magazi mpaka pakati, kubwerera ndi kuwoloka zafanana kutopetsa kwake.

Ulendo wachiwiri, mu Act 4 Scene 1, afiti sanamutsate. Anawatsata ndi iye. Anamuonetsa mutu wovala chisoti cha nkhondo womuchenjeza za Macduff, mwana wamagazi womuuza kuti palibe wobadwa mwa mkazi angamuvulaze, ndi mwana wovala chisoti chaufumu atanyamula mtengo, womuuza kuti sadzagonja mpaka nkhalango ya Birnam itabwera ku Dunsinane, kumene kunali linga la Macbeth. Anamva zimene ankafuna kumva. Asilikali a Malcolm anadula nthambi za ku Birnam n'kudzibisa nazo poyenda, ndipo Macduff sanabadwe mwa njira ya masiku onse, anachita kumutulutsa m'mimba mwa amayi ake nthawi isanakwane.

Chachinayi: tsatani magazi, madzi ndi tulo

Chikumbumtima sichioneka ndi maso, ndiye Shakespeare anachipatsa zinthu zooneka. Gulani mapensulo a mitundu iwiri, kapena ngati bukulo ndi la sukulu lembani m'kope nambala ya Act ndi Scene paliponse pamene mwakumana ndi magazi kapena tulo.

Yambani ndi Act 2 Scene 2. Duncan waphedwa kuseri, ife sitinaone. Chimene tikuona ndi Macbeth akutuluka manja ali psuu, atanyamula mipeni imene anayenera kuisiya pa alonda. Akudandaula kuti mawu oti "Amen" anamukakamira pakhosi, ndipo wamva liwu likufuula kuti Macbeth wapha tulo. Akuti madzi onse a m'nyanja ya mchere sangatsuke dzanja lake, m'malo mwake dzanjalo lifiiritsa nyanjayo. Mkazi wake akumuyankha mopepuka: "A little water clears us of this deed." Timadzi pang'ono tokha.

Tsopano ikani chala pamenepo, mutsegule Act 5 Scene 1. Mayi yemwe uja akuyenda m'tulo, sakulola kuti kandulo imuchokere, akusamba m'manja mopanda madzi uku akuti, "Out, damned spot!" Akununkhizabe magazi, ndipo akuti mafuta onunkhira onse a ku Arabia sangakometse kadzanja kake. Dokotala amene akumuonerera akuti matendawa ndi opyola nzeru zake, mayiyu akufunika wansembe. Ma Scene awiriwa mukawaika pamodzi, funso lililonse la chikumbumtima mwaliyankha theka.

Chimene chimandikhudza ine n'chakuti awiriwa anasinthana malo. Mwamuna anayamba ndi mantha n'kuuma mtima. Mkazi anayamba wouma n'kusweka. Komatu kadontho kachifundo kanalipo kale mwa mayiyu: usiku wa chiwembu anati akanamupha yekha Duncan akanapanda kufanana ndi bambo ake ali m'tulo. Ndipo onani mmene banjali likutalikirana. Pambuyo pa phwando la mu Act 3 Scene 4, pamene mzukwa wa Banquo unakhala pampando wa Macbeth alendo onse osauona, sitiwaonanso awiriwa ali limodzi. Uthenga wa imfa ya mkazi wake utamupeza, Macbeth sanalire. Anangoyamba za "Tomorrow, and tomorrow, and tomorrow", kuti moyo ndi nthano yokambidwa ndi chitsiru, yaphokoso koma yopanda tanthauzo.

Chachisanu: dziwani pang'ono za nthawi yake

Musataye masiku pa izi, koma zingapo zimathandiza. Seweroli linalembedwa cha m'ma 1606 ndipo linasindikizidwa koyamba mu 1623. Mu 1603 mfumu James ya ku Scotland inalowanso ufumu wa England. James ankakhulupirira kwambiri za ufiti mpaka analemba buku la nkhaniyi, Daemonologie, mu 1597, ndipo mu 1605 anthu ena anakonza chiwembu choti amuphulitse ndi onga m'nyumba ya malamulo. Anthu a nthawiyo ankakhulupirira kuti mfumu imaikidwa ndi Mulungu, n'chifukwa chake Duncan ataphedwa usana ukusanduka mdima ndipo akavalo ake akudyana. James ankadziwikanso kuti ndi wa mbumba ya Banquo. M'buku la mbiri la Holinshed, mmene Shakespeare anatenga nkhaniyi, Banquo anathandiza nawo kupha Duncan. M'seweromu ndi munthu wosalakwa pa imfayo. Macbeth weniweni analamulira Scotland kuyambira 1040 mpaka 1057, ndipo Duncan anafera kunkhondo, osati pabedi. Pa mayeso lembani za Macbeth wa m'sewero.

Chachisanu ndi chimodzi: lowezani zochepa

Mizere isanu ndi itatu kapena khumi yaifupi yakwana. Sankhani yogwira ntchito pawiri. "Fair is foul, and foul is fair" ikuthandizani pa afiti komanso pa nkhani ya chinyengo, ndipo mawu oyamba a Macbeth m'sewero lonse akubwereza mawu awiri omwewo asanakumane n'komwe ndi afitiwo. Mukaiwala mawu enieni, fotokozani mwa mawu anuanu ndipo tchulani amene ananena ndi pamene ananenera. Zimenezo n'zabwino kuposa kupeka mzere.

Chomaliza: yesani kulemba, wotchi ili patebulo

Pemphani aphunzitsi mapepala akale a MANEB. Vuto la ana ambiri n'lakuti funso likuti "Sonyezani mmene chikumbumtima chikuvutitsira anthu m'seweroli", iwo akuyamba kukamba nkhani kuchokera pa afiti mpaka kudulidwa kwa mutu, masamba awiri, funso osaligunda. Dulani mzere pansi pa mawu ofunika a funsolo. Sankhani mfundo zanu musanayambe kulemba. Ndime iliyonse ikhale ndi mfundo imodzi, umboni wake wochokera m'sewero, ndi kufotokoza mmene umboniwo ukuyankhira funso. Mwachitsanzo: chikumbumtima chikumulanda Macbeth mtendere pagulu, pa phwando lake akuona mzukwa wa Banquo ndipo akuukalipira pamaso pa nduna zake, izi zikuonetsa kuti ufumu umene anauphera munthu sakutha kuukhalira ngakhale pachakudya chimodzi, ndipo nduna zikuyamba kumukayikira. Ndime yatha. Ina ikhale ya Lady Macbeth ndi kandulo yake, ina ya tulo.

Mukalemba, sinthanani makope ndi mnzanu. Iye adule mzere pa chiganizo chilichonse chimene chikungokamba nkhani osayankha funso, inunso muchite chimodzimodzi pa lake. Sabata yotsatira tengani funso lina, monga lakuti pakati pa afiti, Lady Macbeth ndi Macbeth ndani ali ndi mlandu waukulu pa imfa ya Duncan, ndipo mutsegule tsamba lija la mizere itatu musanagwire cholembera.