Zoyenera kuona musanagule purosesa yatsopano

Inu amene mukufuna kuwonjezera mphamvu ya kompyuta ya pa desiki kuno ku Lilongwe, yambani mwaona motherboard (bodi yaikulu yomwe zipangizo zonse za kompyuta zimalumikizidwapo) yomwe muli nayo musanapereke ndalama, chifukwa purosesa iliyonse imalowa mu soketi ya mtundu wake wokha. Mwa mapurosesa a kampani ya AMD, Ryzen 5000 imalowa mu soketi ya AM4, pomwe Ryzen 7000 ndi 9000 zimafuna AM5, soketi yomwe AMD inatulutsa mu 2022 ndipo imalandira RAM (memori ya kompyuta) ya mtundu wa DDR5 yokha. Choncho kusamukira ku AM5 ndiye kuti mukugula zinthu zitatu nthawi imodzi (purosesa, bodi ndi RAM), ndipo ndalama zake si zamasewera.

Kumbali ya Intel, soketi ya LGA1700 imalandira mapurosesa a mibadwo ya 12, 13 ndi 14, koma bodi yakale ingafunike BIOS yatsopano (pulogalamu ya mu bodi yomwe imayatsa kompyuta). Ikani BIOS yatsopanoyo purosesa yakale ikadali m'malo mwake, kompyuta ili pa UPS (batire yothandiza magetsi akathima), popeza magetsi akathima ntchitoyi ili mkati, bodi ikhoza kukana kuyakanso.

Ambiri amathera ndalama zonse pa purosesa n'kutsala ndi choziziritsira chofooka, zomwe ndimaziona ngati kutaya ndalama. Mu Okutobala ndi Novembala, kutentha ndi fumbi zikagwirizana, purosesa imadzichepetsera liwiro yokha kuti isapse. Pemererani fumbi m'mafani ndipo pakani thermal paste yatsopano (phala lopaka pakati pa purosesa ndi choziziritsira).

Mukamagula purosesa ya AM4 yogwiritsidwapo kale ntchito, itembenuzeni pamalo owala muone timapini tonse, chifukwa kamodzi kopindika kangathe kulepheretsa kompyuta kuyaka.