Mwala umene unakana kulowa m'kabati

Nditafika nawo kunyumba mwala wanga wa amethyst (mwala wonyezimira wa mtundu wa pepo), wolemera makilogalamu 38, ndinaona kuti m'kabati ya miyala sukwana. Shelefu yagalasi ikanangoti phwa! Ndinaganiza zoudula pakati, koma amethyst ndi mtundu wa mwala wolimba wotchedwa quartz, kulimba kwake ndi 7 pa sikelo ya Mohs yoyezera kulimba kwa miyala, imene imathera pa 10. Sowo wamba sangaudye, ndipo hamala ikanangoswa timano take tonyezimira tija. Mtima unakana.

M'malo mwake ndinakhoma kathebulo kakafupi ka matabwa okhuthala, n'kuikako mawilo anayi a mabuleki. Poti mwalawo kunsi n'kosalingana, ndinaukhazika pa kathumba ka mchenga kuti usamagwedere. Tinanyamula anthu atatu. Ndekha ndikanathyoka msana.

Pano uli pakona, kutali ndi zenera, chifukwa amethyst ukakhalitsa padzuwa umasuluka.