Musanagule ampulifaya ya masipika ang'onoang'ono

Masipika oika pa shelefu satulutsa bass yozama, ndiye ampulifaya yokhala ndi mabatani a bass ndi treble imathandizadi. Koma yambani mwawerenga kumbuyo kwa sipika. Ngati palembedwa 4 ohms (muyeso wa mmene sipika imalemetsera ampulifaya), ampulifayayo ikhale yoti imatha kukoka 4 ohms, apo ayi izitentha kapena kuzima yokha. Pabalaza wamba, mawati 40 mpaka 60 RMS (mphamvu yomwe ampulifaya imatulutsa mosalekeza) pa sipika iliyonse ndi okwanira. Manambala akuluakulu a PMPO (mphamvu ya kanthawi kochepa chabe) a pakatoni asakukopeni.

Ine ndimakonda yokhala ndi batani lolambalala bass ndi treble, kuti muzitha kumva nyimbo mmene inajambulidwira n'kuyerekeza. Yamaha A-S301, ya mawati 60, ili ndi batani lotere lotchedwa Pure Direct, pomwe Denon PMA-600NE, ya mawati 45, ili ndi lake lotchedwa Source Direct. Yamaha ija ilinso ndi loudness, yomwe imabwezeretsa bass mukamamvetsera motsitsa usiku ana atagona.

Chonde bass muzikweza pang'ono. Kuwonjezera 3 dB (dB ndi muyeso wa kukwera kwa mawu) kumafuna mphamvu yowirikiza kawiri, ndipo ampulifaya ikafika pothera mphamvu mawu amayamba kusweka, zomwe zimatha kuwotcha tweeter, kasipika kakang'ono kotulutsa treble. Bass ikamalindima kwambiri, nthawi zambiri vuto limakhala loti sipika yayandikira kwambiri khoma. Sipika ya bowo kumbuyo isunthireni kutsogolo pang'ono musanakhudze batani.

Mukamagula yogwiritsidwapo kale ntchito, onani magetsi ake. Yopangidwira msika wa ku Japan imakhala ya mavoti 100, ya ku America 120, pomwe athu kuno ndi 230. Mukangoilumikiza popanda thiransifoma, ipsa.