Kujambula mlalang'amba pakhomo mu Harare

Nyengo yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Julayi. Mvula imakhala itatha, ndipo pakati pa mlalang'amba, pamene pamawala kwambiri, pamadutsa pamutu penipeni. Ikakwana Ogasiti mpaka Okutobala, utsi wa moto wa m'tchire ndi fumbi zimaphimba thambo. Maso amaona ngati kwayera, koma chithunzi chimatuluka chofiirira. Sankhani usiku wopanda mwezi. Magetsi akathima m'dera lanu, musadandaule, tulutsani kamera, chifukwa mumdima nyenyezi zimaoneka bwino.

Ikani kamera pa tripod (choimikira cha miyendo itatu), jambulani RAW (chithunzi chosakonzedwa ndi kamera), ISO (mmene kamera imamvera kuwala) 1600, lenzi itsegulidwe pa f/2.8. Zimitsani autofocus (kamera isamasinthe yokha lenzi), mukuze nyenyezi imodzi yowala pa sikirini ndi kupotoza lenzi mpaka ikhale kadontho. Dziko limazungulira, choncho mukachedwetsa shutter (chitseko cholowetsa kuwala mu kamera) nyenyezi zimasanduka timizere. Kuti mupeze masekondi oyenera, gawani 500 ndi mamilimita a lenzi: ya 50mm isapitirire masekondi 10, ndipo pa kamera ya crop sensor (ya sensa yaing'ono) 6 basi.

Chithunzi chimodzi sichikwanira. Jambulani 100, kenako 20 lenzi itatsekedwa osasintha kalikonse (izi zimathandiza kuchotsa timadontho tosafunika), muziphatikize mu pulogalamu ya pakompyuta ya Siril kapena DeepSkyStacker. Yambani ndi Carina Nebula (mtambo wowala wa mpweya) kapena Omega Centauri (gulu la nyenyezi zothithikana), pafupi ndi Southern Cross, nyenyezi zooneka ngati mtanda kumwera.

Chimene chimapweteka ambiri ndi mame a mu Juni. Lenzi imachita nkhungu pakati pausiku inu osadziwa, zithunzi zonse n'kuwonongeka. Ikulungeni ndi kalamba kotenthetsa ka USB. Mukakhala ndi tracker (kachipangizo kotembenuza kamera kuti izitsata nyenyezi), ilozetseni kumwera, madigiri pafupifupi 18 kuchokera pansi. Kumwera kulibe nyenyezi yowala yokulondolerani polozetsa tracker.